NSOMBA ZA M'MIYALA NDI MAIKO A KUMWERA

M'madambo a cigwa ca Luangwa, ndiponso kunsi kwa Zambezi ndi Shire, mumakhala nsomba ina yaitali ngati mkunga, imene siifa madzi akaphwa. Cirimwe cikafika imalowa m'thope, nidzipinda, nipanga cikwa ndi madzi onanda a pathupi pace. Ndipo imagona momwemo miyezi yambiri, iri kupuma mpweya pa kabowo kakang'ono, kufikira mvula itagwanso. Imatha kutero cifukwa iri ndi mapapu. Anthu a kunsi kwa Shire amaicha dowe, dzina lomwe lija la cimanga caciwisi, koma a sayansi amaicha Protopterus. Mwana wa sukulu amene anaonapo akulu ali kufukula nsomba ndi khasu pamalo ouma sasowa womuuza kuti nsombayi ndi yodabwitsa. Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti dowe ali ndi mbale wace ku South America, tsidya lija la nyanja ya mcere ya Atlantic, ndi mbale wina wapatali ku Australia; ndipo ubale umenewu unazunguza mitu ya anthu ophunzira zaka zoposa 100.

Mlanduwo unayamba ndi mano. Nsomba ikafa nigwera pansi pa madzi, kawirikawiri imaola kapena kudyedwa, osatsala kanthu. Koma nthawi zina matope amaikwirira msanga, ndi matope ena nadzaunjikana pamwamba pace zaka zosawerengeka, kufikira onse atauma nasanduka mwala, mamba ndi mano ndi mafupa ziri m'kati. Munthu woyamba kusanthula nsomba zotere mwadongosolo anali Louis Agassiz wa ku Switzerland, amene anasindikiza mabuku ace akulu a nsomba za m'miyala kuyambira 1833 kufikira 1843. Pakati pa zinthu zimene anafotokoza panali mano ena aphanthi, okhala ndi mizere ngati ya m'munda, ocokera m'miyala ya ku England ndi Germany. Mwini manowo anamucha Ceratodus. Agassiz anayesa kuti inali nsomba ya mtundu wa shaki, yotha kalekale, ndipo panalibe wakumtsutsa, pakuti thupi lace panalibe analionapo.

M'zaka zomwezo Johann Natterer wa ku Austria, amene anakhala nthawi yaitali ali kusonkhanitsa nyama ku Brazil, anapeza m'dziko la mtsinje wa Amazon camoyo cina cokhala ndi mamba ndi mapapu pamodzi. Mu 1837 Leopold Fitzinger anacipatsa dzina la Lepidosiren ku Vienna, ali kuganiza kuti si nsomba konse, koma mbale wa abuluzi kapena acule. Mu 1839 Richard Owen wa ku London analandira cina cofanana naco cocokera ku mtsinje wa Gambia, naweruza kuti ndi nsomba ndithu. Ndiye dowe uja. Yacitatu inacedwa. Mu 1870 Gerard Krefft, woyang'anira nyumba yosungiramo zacilengedwe ku Sydney, analandira nsomba yaikulu ya ku Queensland imene William Forster anampezera. Poiyasamula kukamwa anaona mano omwe aja a mizere amene Agassiz anajambula m'buku. Mwini mano anali wamoyo, ali kusambira m'mitsinje ya Burnett ndi Mary, ndipo anthu a kumeneko ankamudya.

Tsono panali nsomba za mapapu m'maiko atatu a kumwera, ndi nyanja zazikulu pakati pao. Mbalame iuluka, mbeu ya mtengo ingathe kuyandama pamadzi miyezi, ngakhale buluzi angathe kuoloka atakwera pa cipika. Koma nsomba ya m'dambo ikaikidwa m'madzi a mcere imafa, cifukwa mcere umakoka madzi a m'thupi mwace, ndipo iribe njira yoabwezera. Mu 1938 George Myers wa ku Stanford, ku America, anagawa nsomba za m'mitsinje m'magulu: zina zimene sizipirira mcere konse, ndi zina zimene zimaupirira pang'ono. Dowe ndi mbale wace wa ku Brazil ali m'gulu loyamba. Nanga anafika bwanji mbali zonse ziwiri za Atlantic?

Yankho loyamba linacokera kwa Eduard Suess wa ku Vienna. Iye anaona kuti ku India, ku Africa, ndi ku maiko ena a kumwera, miyala iri yosanjikana mofanana: pansi zizindikiro za madzi oundana, pamwamba pace malasha, ndi m'malashamo masamba a mtengo umodzi wochedwa Glossopteris, ooneka ngati lilime. Malasha a ku Hwange ndi a ku Maamba ndi a nkhalango za nyengo yomweyo. Mu 1885 Suess analemba kuti maiko amenewa anali dziko limodzi kale, naliika dzina lakuti Gondwana, kutengera dera lina la pakati pa India kumene kumakhala anthu a mtundu wa Gond. Koma sanaganize kuti maiko anasuntha. Anati pakati pao panali mtunda wina umene unamira pambuyo pace. Omtsata anakonda ganizo limeneli kopambana muyeso, kotero kuti pali ponse pamene anapeza nyama ziwiri zofanana kutsidya kuno ndi kutsidya uko, anajambula ulalo wa nthaka pa mapu, naumiza pamene anatha nao nchito.

Dziko la pakati pa Africa linaperekako umboni wace msanga, ngakhale unali wocepa. Mu 1883 Henry Drummond, mphunzitsi wa ku Glasgow, poyenda kumpoto kwa nyanja ya Malawi anatola mamba ndi tizidutswa ta nsomba m'miyala ya pafupi ndi Karonga, ndipo Ramsay Traquair wa ku Edinburgh anaziyesa. Miyalayo ndi ya mtundu umene ku South Africa amaucha Karoo, womwenso uli pansi pa cigwa ca Luangwa ndi ca Gwembe.

Umboni wozizwitsa koposa unacokera ku dziko lopanda mtsinje, lopanda mtengo. Pa ulendo wa Robert Falcon Scott wa ku Antarctica, wa 1910 kufikira 1913, anthu anai anatumidwa kukayesa miyala ya ku Granite Harbour. Mmodzi wa iwo anali mnyamata wa ku Australia, Frank Debenham. M'dzinja la kumeneko la 1911 ndi 1912, ali kufunafuna pakati pa miyala imene madzi oundana anaikokolola ku mapiri, anapeza tizidutswa ta mafupa aphanthi ndi mamba. Phiri la pafupi ndi malowo linachedwa Mount Suess, kukumbukira nkhalamba ija ya ku Vienna. Pa nthawi yomweyo Scott ndi anzace anai anali kubwerera kucokera ku South Pole, ofooka ndi njala ndi cisanu, ndipo pa Beardmore Glacier anaima natola miyala yolemera mapaundi 35. Sanaitaye ngakhale mphamvu zitawathera. Onse asanu anafera m'njira. Ndipo mu November 1912, pamene ofunafuna anapeza hema wa otsiriza atatu, miyala ija inali pomwepo. M'kati mwace munali masamba a Glossopteris. Tizidutswa ta Debenham tinadikira nkhondo yaikulu kuti ithe, ndipo mu 1921 Arthur Smith Woodward wa ku British Museum analengeza kuti ndi nsomba za nyengo ya Devonian, zaka zoposa mamiliyoni 360 zapitazo. Ina mwa izo inali Bothriolepis, nsomba yobvala mafupa kunja ngati kamba, kumutu ndi pacifuwa. Aphunzitsi a ku Luapula angakonde kudziwa kuti Debenham yemweyo, atakalamba ndi kukhala mphunzitsi wamkulu ku Cambridge, anadza kudzayesa madzi a dziko lino, nayenda ndi bwato m'madambo a Bangweulu, nalemba buku la madambowo limene linaturuka mu 1952.

Caka comwe Scott anafa, 1912, Alfred Wegener wa ku Germany anaimirira pa msonkhano ku Frankfurt nanena cinthu cimene ambiri anaciyesa misala: kuti panalibe ulalo womira, koma maiko eni ace anang'ambika natalikirana. Buku lace linaturuka mu 1915. Mfundo yace yolimba inali yakuti miyala ya mtunda ndi yopepuka kuposa ya pansi pa nyanja, motero dziko lonse lathunthu silingathe kumira ndi kuzimirira, monga cipika couma sicikhala pansi pa dziwe. Koma sanathe kuchula mphamvu yokwanira kukankha maiko, ndipo pa msonkhano wa ku New York mu 1926 akatswiri ambiri anamkana, ena mwa cipongwe. Anafera ku Greenland mu 1930 mlandu wace usanathe. Womuimira wamphamvu anali munthu wa mu Africa, Alexander du Toit wa ku Cape, amene anayenda zaka zambiri m'Karoo ali kujambula mapu a miyala. Mu 1923 anaoloka kunka ku South America, napeza miyala imene anaidziwa kwao iri yosanjikana mwa dongosolo lomwelo. Buku lace, Our Wandering Continents, linaturuka mu 1937. Iyenso anamwalira, mu 1948, asanamve akatswiri a ku Ulaya ndi America ali kubvomera.

Otsutsawo sanali opusa, ndipo pa nkhani ya nsomba anali ndi pogwira. Pa bwalo la milandu mboni siikhulupiridwa cifukwa ca kubwera kokha. Amayamba aifunsa kumene inali. Bothriolepis atafunsidwa motero, umboni wace unacepa, pakuti mafupa ace apezeka ku Scotland, ku Canada, ku Russia ndi ku China. Nsomba yopezeka ponse ponse siingathe kusonyeza kuti maiko a kumwera okha ndiwo anali pamodzi. Cimene inatsimikiza ndi cakuti ku Antarctica kunali mitsinje yoyenda ndi nyengo yofunda. Ceratodus nayenso anagwa pa funso lomwelo. Mano ace oyamba anacokera ku Ulaya, ndipo ena apezeka ku North America. Ndiko kuti nsomba za mapapu zinali pa dziko lonse kale, ndipo ya ku Queensland ndi yotsala cabe, monga mtengo umodzi wosiyidwa pamene nkhalango inadulidwa. Mphunzitsi wouza ana kuti nsomba zitatu za mapapu pa zokha zitsimikiza Gondwana wanena zopitirira umboni.

Anafunika anthu obwerera ku mapiri aja ndi nyundo. Mu 1970 ndi 1971 gulu la ku New Zealand, pamodzi ndi Alex Ritchie ndi Gavin Young, linakumba m'matanthwe eni ace mmene munacokera tizidutswa ta Debenham, nabwera ndi nsomba za mitundu yambiri. Poziyerekeza bwino, osati maina a mafuko akulu okha koma mtundu ndi mtundu, anaona kuti abale ao a pafupi ali kumwera ca kum'mawa kwa Australia. Shaki wina wakale, Antarctilamna, amene Young anamfotokoza mu 1982, anapezeka ku Antarctica ndi ku New South Wales, ndipo pambuyo pace ku South Africa. Kumeneko, mu 1985, okumba mseu pafupi ndi Grahamstown, mzinda umene tsopano uchedwa Makhanda, anatsegula thanthwe lakuda la Waterloo Farm, mmene Robert Gess waturutsamo nsomba zambiri za matsiriziro a nyengo ya Devonian.

Koma mboni zimene zinanena momveka koposa ndi za ku Brazil ndi kumadzulo kwa Africa. Joseph Mawson, Mngelezi wokhala ku Bahia, anatola mafupa m'mbali mwa gombe zaka zambiri nawatumiza ku London, ndipo mu 1907 Woodward yemwe uja anacha nsomba ina yaikulu ya pakati pao Mawsonia. Inali ya fuko la coelacanth, fuko limene onse analiyesa lakutha kufikira December 1938, pamene asodzi anakola imodzi yamoyo m'nyanja pafupi ndi East London. Imeneyo ndi ya m'nyanja yakuya. Koma Mawsonia ankakhala m'nyanja za pamtunda ndi m'mathiriro a mitsinje, ndipo ena anatalika kuposa mapazi 10. Pang'ono pang'ono mafupa ace anayamba kuoneka ku Africa: ku Egypt mu 1935, ku Congo mu 1961, ku Niger mu 1975, ndi ku Morocco. Tinsomba tina tating'ono tonga usipa, tochedwa Ellimmichthys, tinapezeka ku Bahia ndi ku Equatorial Guinea.

Ofuna mafuta a pansi ndiwo anatsiriza kufotokoza. Pobowola m'gombe la Brazil, ndi la Gabon, Congo ndi Angola, anapeza mbiri imodzi yolembedwa mbali zonse ziwiri. Pansi pali matope a nyanja za madzi abwino, zazitali ndi zakuya, okhala ndi nsomba ndi tizirombo ta m'zigoba tofanana uku ndi uku. Pamwamba pa matopewo pali mcere wocindikala kwambiri, wa zaka za pakati pa mamiliyoni 110 ndi 120 zapitazo. Pamwamba pa mcere pali miyala ya nyanja yeni yeni, ndi nkhono zace. Tanthauzo lace ndi ili: poyamba dziko linang'aluka, ndipo m'mng'alumo munadzala madzi a mvula ndi mitsinje, pambuyo pace madzi a mcere anathyola nalowa, naphwa ndi dzuwa, nalowanso, kawiri kawiri, kusiya mcere, potsiriza mpata unakula, nyanja nikhazikika. Mwana wa ku Chipata kapena ku Mbala sabvutika kumva zimenezi, pakuti nyanja za Malawi ndi Tanganyika ziri m'ming'alu yotere lero lomwe. Msodzi wa ku Nkhata Bay akayang'ana mapiri a tsidya lija, aona monga momwe Brazil akadaonekera kwa munthu woima ku Gabon, mukadakhala munthu masiku amenewo.

Cibvomerezo ca onse cinadza pakati pa 1963 ndi 1968, ndipo sicinacokere ku nsomba ai, koma pansi pa nyanja. Mu 1963 Fred Vine ndi Drummond Matthews a ku Cambridge anasonyeza kuti miyala yatsopano imaturuka pa mtandadza wa mapiri a pakati pa nyanja, nikankhira yakale uku ndi uku. Mu 1965 Edward Bullard ndi anzace anayesa ndi makina owerengera kulumikiza Africa ndi South America, napeza kuti zigwirana bwino koposa ngati mzere wodulira utsata kumene madzi osaya athera, osati gombe looneka. Mphunzitsi wofuna kudula mapu a pepala pamaso pa ana akumbukire cimeneci, kuti mipata yotsala isamcititse manyazi. Mu 1968 combo cobowola, Glomar Challenger, cinaturutsa miyala ya pansi pa Atlantic wa kumwera, ndipo inapezeka kuti ikulirakulira msinkhu potalikira mapiri a pakati aja. Maiko awiriwa analekana kotheratu zaka ngati mamiliyoni 100 zapitazo, ndipo akali kutalikirana, osafika mainchi awiri pa caka.

Pamenepo dowe anaitanidwanso ku bwalo, ndipo ulendo uno anafunsidwa pamodzi ndi mbale wace wa ku Brazil yekha. Awiriwa afanana m'zinthu zimene wa ku Australia alibe. Ali ndi mapapu awiri, iye limodzi. Zipsepse zao ndi zoonda ngati zingwe, zace ndi zazikulu ngati nkhafi. Onse awiri amabisala m'thope madzi akaphwa, iye sangathe. Ana ao amabadwa ndi timphonje topumira m'madzi kunja kwa khosi, ndipo yamphongo ndiyo imalonda cisa. Oyesa za m'kati mwa maselo awerenga kuti mafuko awiriwa anapatukana pa nyengo yofanana ndi imene nyanja inawadula pakati. Za makolo ao akale, dziko lino lasunga cikumbutso cace: kumtunda kwa cigwa ca Luangwa, ku dera la Chama, m'miyala yochedwa Ntawere ya nyengo ya Triassic, apezamo mano a mizere a nsomba za mapapu pamodzi ndi mafupa a zirombo zimene zinakhalako madinosau asanacuruke. Masiku amenewo munthu akadatha kucoka pa Luangwa ndi kufika ku Brazil kapena ku Antarctica pansi, osakwera bwato.

Mboni imodzi yatsala imene mlandu wace sunagamulidwe, ndipo ndi yodziwika m'mbale ya ndiwo. Cambo ndi mbuna za m'nyanja ya Malawi, ndi abale ao a mu Tanganyika ndi mu Kafue, ndi za fuko limene lipezekanso ku South America, ku Madagascar, ndi kumwera kwa India. Poyang'ana mapu, munthu anganene msanga kuti nazonso ndi ana a Gondwana, ndipo mabuku ambiri ananena comweco. Koma miyala siibvomereza. M'matope a nyanja zija za Bahia ndi Gabon, mmene muli nsomba zina zambirimbiri, simunapezeke ngakhale imodzi ya fuko la cambo. Zina mwa zakale koposa zodziwika ndi za ku Mahenge, pafupi ndi Singida ku Tanganyika wakale, m'nyanja yaing'ono ya m'kamwa mwa phiri lamoto. Alison Murray anazifotokoza mu 2000, ndipo msinkhu wao ndi zaka ngati mamiliyoni 46, ndiko kuti Atlantic anali atatseguka kale zaka zoposa mamiliyoni 50. Mu 2013 Matt Friedman ndi anzace anawerenga kuti fuko lonse linayamba maiko atalekana kale. Ngati ndi tero, makolo a cambo anaoloka madzi a mcere, pamene nyanja inali yopapatiza kuposa lero. Ndipo Myers anali ataziika kale m'gulu lace laciwiri, pakuti zina za fuko limeneli zimakhala m'mathiriro a mitsinje, m'madzi osanganiza ndi mcere. Ena akana kufikira tsopano, nati nyanja inali itakula kale mosati nkuoloka, ndi kuti mafupa akale a cambo akali gone m'thanthwe lina limene nyundo siinafikepo.